Msilikali akalakwira munthu wamba, mlandu upite kwa majisitireti

Nthawi iliyonse ikamveka nkhani yoti msilikali wamenya munthu pa rodibuloko, kumalo omwera mowa kapena m'nkhalango, mtsutso umene umabuka kuno ku Dedza umakhala womwewo. Pa wailesi, m'magulu a WhatsApp ndi m'maminibasi opita ku Lilongwe, anthu amagawikana pawiri. Ena amati eni ake akathane naye ku baraki, poti kumeneko ndiye kuli chilango chenicheni. Ena amati makhoti a asilikali ndi malo obisirana milandu, angothetsedwa basi. Za ku Uganda zidasonkhezera mtsutsowu: mu Januwale 2025 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo lidagamula kuti kuzenga mlandu munthu wamba m'khoti la asilikali n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko, pa nthawi imene Kizza Besigye, wotsutsa boma amene adagwidwa ku Nairobi mu Novembala 2024, ankayankha mlandu pamaso pa akuluakulu a asilikali ku Kampala. Kwathu kuno nkhawa yaikulu ili mbali inayo, pamene wolakwa ali mu yunifolomu ndipo wolakwiridwa ndi munthu wa kumudzi. Ine maganizo anga ndi awa: khoti la asilikali likhalepo, koma lizigwira milandu ya usilikali yokha. Msilikali akalakwira munthu wamba m'dziko muno, kaya wammenya, wamlanda katundu, wamgwirira kapena wamupha, mlanduwo uzipita kupolisi ndi kukhoti limene aliyense wa ife amapita, poyera, m'boma limene zachitikiralo. Pasamakhale mkulu wa asilikali woti azisankha ngati mlanduwo utuluke pageti kapena uthere m'kati.

Tisanapite patali, timvetsetsane kaye mmene chilungamo cha ku baraki chimayendera, chifukwa ambiri otsutsana pa nkhaniyi amasakaniza zinthu ziwiri. Dongosololi tidalitengera kwa Angerezi kuyambira nthawi ya Keyala, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, ndipo lero lili m'lamulo la Defence Force Act. Milandu ing'onoing'ono, monga kuchedwa pa perete, kusowa pa ntchito masiku angapo popanda chilolezo kapena kuyankha mwano kwa sajeni, amaithetsa yekha mkulu wa gulu limene msilikaliyo ali. Wolakwayo amalowetsedwa mu ofesi, aimirira njo, awerengeredwa mlandu, ayankha, ndipo chilango chimagwa pomwepo: ntchito yowonjezera, kuletsedwa kutuluka m'baraki, kudulidwa malipiro kapena kutsekeredwa masiku angapo. Milandu ikuluikulu, monga kuthawa usilikali, kugalukira kapena kukana lamulo pa nkhondo, ndiyo imapita kukhoti lenilenilo la asilikali, kumene oweruza amakhala gulu la maofisala, katswiri wa malamulo ali pambali kuwaunikira. Kumeneko munthu angathe kutsitsidwa udindo, kuchotsedwa ntchito mwamanyazi kapena kupita kundende.

Tiyambe ndi amene akuti makhotiwa athe. Mfundo yawo ili ndi nzeru ndithu. Amati dziko lili ndi malamulo amodzi, choncho likhalenso ndi makhoti amodzi, ndipo amaloza maiko amene adachita zimenezo: France idathetsa makhoti a asilikali a nthawi ya mtendere m'dzikomo mu 1982, ndipo ku Germany msilikali wopalamula mlandu wa upandu amaonekera kukhoti wamba. Komabe ine sindifika nawo kumeneko, chifukwa pali zolakwa zina zimene kulemera kwake kumaoneka mu usilikali mokha. Mlonda wa pa sitolo ku Lizulu akagona, mwini sitolo ataya matumba a shuga. Msilikali wolondera anzake m'nkhalango za kum'mawa kwa Congo akagona, m'mawa mwake kumakhala mitembo. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 adaphedwa pafupi ndi Beni, ndipo mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adali atavulala, zipolopolo zikuvumba. Bungwe la United Nations lidamulemekeza mu 2019 ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Gulu limene limatulutsa munthu wotere limaima pa chikhulupiriro chakuti mnzako sathawa ndipo lamulo likaperekedwa limveka. Wophwanya chikhulupiriro chimenecho ayenera kuyankha pamaso pa anthu odziwa mtengo wake. Palinso chifukwa cha malamulo. United Nations ilibe khoti lozengera asilikali osungitsa mtendere. Mgwirizano wake umasiya udindowo m'manja mwa dziko limene lawatumiza. Tsono msilikali wa Malawi akapalamula ku Congo, pafunika khoti loti likhoza kunyamuka n'kukakhala pansi komweko, kumene kuli mboni ndi olakwiridwa. Majisitireti wa ku Dedza boma sangatseke khoti lake n'kupita ku Beni.

Tsopano tifike kwa amene ndikutsutsana nawo kwenikweni, aja amati chilichonse chimene msilikali wachita chikathere ku baraki. Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti munthu wamba, ngakhale atakhala jaji, sadziwa mmene ntchito ya mfuti imakhalira, ndiye sangaweruze bwino zimene msilikali wachita ali pa ntchito. Pa za perete ndi za pa nkhondo ndavomera kale. Koma taonani chitsanzo chimene anthu a kumadzulo kwa boma lino akuchidziwa. Zaka zapitazi boma lidatumiza asilikali kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, imene madzi a mzinda wa Lilongwe amachokera, chifukwa owotcha makala adaionetsa zakuda. Tiyerekeze kuti bambo wina wagwidwa m'bandakucha akukankha njinga itasenza matumba atatu a makala. Bamboyo walakwa, lamulo la za nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo woyenera kumulanga ndi majisitireti. Tiyerekezenso kuti atagwidwa, atakhala kale pansi manja ali m'mwamba, wamenyedwa ndi thendere la mfuti mpaka mkono kuthyoka. Kodi pamenepa pali chinsinsi chanji cha usilikali chimene majisitireti sangachimve? Mafunso ake ndi omwe aja amafunsidwa tsiku lililonse pa mlandu wovulaza munthu: adamenya ndani, ndi chiyani, womenyedwayo ankalimbana kapena adali atagonja, chipatala chidapeza zotani. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kuzunza munthu, ndipo lidachotsa chikoti ngakhale m'manja mwa khoti lenileni. Ngati jaji saloledwa kulamula kuti wakuba akwapulidwe, msilikali wa pa geti la nkhalango angaloledwe bwanji? Anthu awiriwa alakwira lamulo la dziko limodzi pa malo amodzi m'mawa umodzi, ndipo palibe chifukwa choti wina akaime pa bwalo la aliyense pamene mnzake akupita kuseri kwa mpanda.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi ulendo wa wodandaula. Taganizani mkazi wa bambo wothyoledwa mkono uja. Mlandu ukakhala kwa majisitireti ku Dedza boma, amadzuka m'mawa, akwera kabaza mpaka pa msewu wa tala, apeza minibasi, afika. Akhala pa benchi pamodzi ndi alamu ake ndi a nyakwawa ngati awaperekeza. Womasulira amanena m'Chichewa zonse zimene zikukambidwa. Amamuona ndi maso ake munthu amene adamenya mwamuna wake ataimirira m'bokosi, wopanda mfuti, akufunsidwa mafunso. Mlandu ukaimitsidwa, kalaliki amatchula tsiku lobweranso, ndipo mayiyo amalilemba pa chikuto cha buku lake la kuchipatala. Ngakhale woganiziridwayo atapezeka wosalakwa, mayiyo wamva chifukwa chake ndipo akakafika kumudzi ali ndi choti afotokoze. Tsono mlandu womwewo ukhale wa ku baraki. Ayenera kupeza ndalama ya ulendo wa ku Lilongwe kapena kutali kuposa apo. Afika pa geti, akumana ndi mnyamata wa mfuti pa phewa, wovala yunifolomu yomwe ija idamenya mwamuna wake, amene amufunsa kuti, "Mukufuna ndani, mayi?" Dzina salidziwa, nambala saidziwa, ofesi yofikira saidziwa. Ambiri amabwerera pomwepo, ndipo ochuluka kuposa apo sanyamuka n'komwe pakhomo. Mwina m'katimo msilikaliyo walangidwadi, mwina kolimba, koma mayiyo sadzamva. Kwa iye ndi kwa mudzi wonse, mlandu udazimirira, ndipo ana a pamudzipo amakula akudziwa kuti wa yunifolomu yamawangamawanga sakhudzidwa.

Apa mpamene pali mtima wa nkhaniyi. Mkulu wa asilikali amene mnyamata wake wavulaza munthu ali ndi mbali pa mlanduwo, afune asafune. Ndiye adawatuma anyamatawo. Mwina ndiye adalankhula mawu aja akuti "akakuvutani muwaonetse". Mbiri ya gulu lake, ndi kukwezedwa kwake komwe, zimadalira kuti pasamveke fungo. Sindikunena kuti maofisala athu ndi anthu achinyengo. Ndikunena kuti ngakhale munthu wolungama amavutika khoswe akakhala pa mkhate. Lamulo labwino limamuchotsera munthu wotereyo mayesero m'malo momudalira kuti awagonjetse tsiku lililonse. N'chifukwa chake bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights, pa mfundo zake za kuweruza mwachilungamo za mu 2003, lidanena kuti ntchito ya makhoti a asilikali ikhale milandu ya usilikali weniweni yopalamulidwa ndi asilikali, osapitirira apo. Ngakhale dziko la America, limene palibe angalinene kuti limapeputsa gulu lake lankhondo, lidasintha lamulo mu 2021 n'kulanda akuluakulu a magulu mphamvu yosankha ngati milandu ya kupha, kugwirira ndi nkhanza za m'banja izengedwe. Kuyambira Disembala 2023 amene amasankha ndi maloya oima paokha, osayankha kwa bwana wa woganiziridwayo. Adafika pamenepo patadutsa zaka zambiri akazi a m'gulu lomwelo akudandaula kuti madandaulo awo amafera pa desiki la bwana.

Mfundo yachiwiri ya anzathuwa ndi yamphamvu kuposa yoyamba, ndipo siyenera kuyankhidwa mothamanga. Amati makhoti athu wamba ndi ochedwa. Mafayilo amasowa, mboni zimatopa, anthu amakhala pa rimandi zaka, pamene ku baraki mlandu umatha msanga ndipo chilango chimaluma. Kuchedwako n'koona, aliyense amene adaperekezapo m'bale wake kukhoti akudziwa. Koma choyamba, kutumiza mlandu kwa majisitireti sikumanga manja a asilikali. Mphunzitsi akaganiziridwa kuti wagwirira mwana wasukulu, unduna umamuimitsa ntchito pamene apolisi ndi khoti akuchita mbali yawo. Chimodzimodzinso msilikali angathe kulandidwa mfuti ndi kuchotsedwa pa ntchito ya pakati pa anthu tsiku lomwelo, mlandu wa upandu uli m'njira. Chachiwiri, liwiro lili ndi phindu lochepa ngati wolakwiridwa sakuona chimene chachitika, ndipo kudulidwa malipiro a mwezi si chilango chofanana ndi mkono wothyoka. Chachitatu, tili ndi chitsanzo chochokera m'boma lathu lino. Mu Febuluwale 2019 Buleya Lule, amene ankaganiziridwa pa nkhani ya kubedwa kwa mnyamata wachialubino kuno ku Dedza, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lidafufuza n'kupeza kuti adazunzidwa. Apolisi adazengedwa mlandu kukhoti lalikulu, poyera, atolankhani akulemba, ndipo patapita zaka zingapo ena mwa iwo adapezeka olakwa. Zidachedwa, inde, ndipo kuchedwako kudali kowawa kwa banja lake. Koma dziko lonse lidamva umboni, ndipo polisi sidagwe chifukwa chakuti anthu ake adaima m'bokosi. Nkhani imeneyo ikadathera mu ofesi ya ku likulu la polisi, ikadatha msanga, koma ife tikadangomva kuti wina wasamutsidwira ku boma lina. Ngati makhoti ndi ochedwa, mankhwala ake ndi kuwonjezera majisitireti, ndalama ndi zipinda, kuti wogulitsa mbatata ku Bembeke ndi msilikali yemwe apindule limodzi.

Za zinsinsi za chitetezo cha dziko sinditayapo nthawi. Makhoti wamba ali nayo kale mphamvu yotulutsa anthu m'chipinda pamene umboni wina ukufunika kutetezedwa, monga amachitira pa milandu yokhudza ana. Ndeu ya ku malo omwera mowa ilibe chinsinsi cha boma.

Mfundo yokhudza ulemu wa asilikali ndiyo ndimaimvera chisoni, chifukwa imachokera m'chikondi. Amalawi timawanyadira asilikali athu, ndipo tili ndi zifukwa. Mu Disembala 1993 ndiwo adalanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, n'kuchotsa mantha amene adakuta dziko zaka zambiri. Mu Epulo 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, adaima pa malamulo ndipo Joyce Banda adalumbiritsidwa. Pa zionetsero za 2019 anthu ankawaombera m'manja akamafika m'misewu. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri a kum'mwera mu Malichi 2023, ndiwo ankafukula anthu m'matope. Ndiye ena amati kuonetsa msilikali atamangidwa unyolo pa khoti la Ntcheu n'kunyozetsa gulu lonseli pamaso pa ana. Ine ndikuona mosiyana. Pa zochitika zonsezi, chimene chidawapatsa ulemu n'chakuti anthu okhala ndi mfuti adasankha kukhala pansi pa lamulo pamene palibe akadawakakamiza. Gawo 160 la malamulo aakulu limanena kuti gulu lankhondo lizigwira ntchito nthawi zonse motsogozedwa ndi maulamuliro a anthu wamba. Mkulu wa asilikali amene watenga yekha mnyamata wake wolakwa n'kukamupereka pa kauntala ya polisi akuchita pang'ono chomwe chija akuluakulu ake adachita mu 2012. Chimene chimadya ulemu wa gulu ndi mphekesera za m'midzi zakuti uje adamenya munthu koma akungoyendayenda pa msika.

Pali chotsutsa china chimene anthu amachinena motsitsa mawu: wapolisi wa pa Chimbiya kapena pa Tsangano angalimbe mtima kumanga msilikali? Nanga anzake akabwera usiku pa lole? Mantha amenewa alipo, ndipo n'zoona kuti ubale wa magulu awiriwa suyenda bwino nthawi zonse. N'zoonanso kuti asilikali ena amaonekera kale kwa majisitireti, makamaka akapalamula ali pa tchuthi kumudzi. Vuto ndi lakuti zimadalira mwayi: amene wagwira ndani, mkulu wa gululo ndi munthu wotani, nkhaniyo yafika pa Facebook kapena ayi. N'chifukwa chake katunduyu asasenzetsedwe kwa konsitabulo wa pa yuniti ya kumudzi. Lamulo linene mosapita m'mbali kuti dandaulo la munthu wamba likafika, mkulu wa gulu ali ndi udindo wopereka woganiziridwayo kupolisi, ndipo wobisa kapena wosamutsa msilikali kuti azembe mlandu wapalamula iye mwini. Malamulo aakulu amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Nthawi yomweyo ingakwanire kuti apolisi a asilikali amutulutse munthu m'baraki n'kumufikitsa kumene akufunidwa.

Anthu a ku Ntcheu ndi Dedza sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa za kuopsa kwa makhoti apadera. Mu 1969 boma la Kamuzu lidasintha lamulo n'kupatsa makhoti a mafumu mphamvu yozenga milandu ya kupha, kenako ndi ya kuukira boma. M'makhoti amenewo loya sankaloledwa, ndipo oweruza ankadalira chisomo cha munthu yemweyo amene ankafuna chigamulo. Albert Muwalo Nqumayo, mwana wa ku Ntcheu amene adafika pokhala mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, adaweruzidwa m'khoti lotere n'kunyongedwa ku Zomba mu 1977. Ambiri ankamuopa, ndipo mabanja amene abale awo adatsekeredwa popanda mlandu m'zaka zimenezo sadamulire. Koma njira imene idamutenga iye ndi yomwe idatenga Orton ndi Vera Chirwa, amene adagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Sindikuti khoti la asilikali la lero n'chimodzimodzi ndi makhoti aja. Lili ndi malamulo olembedwa, ndipo gawo 108 limapatsa khoti lalikulu mphamvu younika chilichonse chimene boma lachita. Komabe amene adalemba malamulo a 1994 adali ataona ndi maso awo zimene zimachitika woweruza akamayankha kwa mwini mlandu, ndipo adaika pa gawo 42 kuti womangidwa aliyense aweruzidwe poyera ndi khoti loima palokha, losakondera. Khoti lililonse lapadera limene tatsala nalo liyenera kukhala ndi malire opapatiza, odziwika kwa aliyense.

Mawu akuti aliyense pa gawo limenelo akukhudzanso msilikali mwini, ndipo mbali iyi ya mtsutso imaiwalika kawirikawiri. Anyamata ndi atsikana amene amapita ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, ndi ana athu a ku Nsipe, ku Kasina, ku Mtakataka. Ambiri adalowa usilikali atalemba mayeso a Fomu 4, ntchito zina zitasowa, ndipo malipiro awo ndiwo amagulira feteleza makolo kumudzi. Povala yunifolomu amavomera kumvera, kudzuka usiku ndi kupita kumene ena akuthawako, koma sasiya kukhala nzika. Mnyamata wotere akaima pamaso pa maofisala, onse omuposa udindo, amene mawa adzakadyera limodzi ndi bwana yemwe wamusumira, mwayi wake ndi wotani? Funso limeneli lidafunsidwa ku Britain komwe tidatengera dongosololi. Mu 1997, pa mlandu wa msilikali Alexander Findlay, khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya lidapeza kuti khoti la asilikali la dzikolo silidali loima palokha, chifukwa ofisala mmodzi ndiye ankasankha milandu yoti munthu ayankhe, kusankha oweruza pakati pa anthu a pansi pake, ndiponso kuvomereza chigamulo pa mapeto. Angerezi adasintha lamulo lawo. Mu 2006 adakhululukiranso asilikali 306 amene adaomberedwa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pa milandu monga kuthawa ndi mantha, patadutsa zaka pafupifupi 90, ataona kuti ambiri adali anyamata osokonezeka mutu ndi mabomba. Ndipo izi si za kale zokha: mu Julaye 2024 khoti la asilikali kum'mawa kwa Congo lidagamula kuti asilikali 25 aphedwe chifukwa chothawa zigawenga za M23, mlandu wake utazengedwa mothamanga. Pamene nkhondo ikuvuta, chilakolako chopeza woti alangidwe kuti ena aope chimakula, ndipo amene amagwidwa ndi wa pansi, wosalandira chakudya ndi zipolopolo zokwanira, pamene amene adakonza nkhondoyo molakwika ali pa mpando woweruza.

Choncho pamene ndikuti khoti la asilikali litsale ndi milandu ya usilikali, ndikutinso likonzedwe kuti likhale khoti ndithu. Wotsogolera mlandu pa za malamulo akhale munthu amene kukwezedwa kwake sikuli m'manja mwa mkulu wa asilikali. Wosuma asakhale yemweyo wosankha oweruza. Msilikali wamba apatsidwe loya wodziwa ntchito, ngakhale alibe ndalama, ndipo auzidwe m'chilankhulo chimene akumva kuti angathe kuchita apilo kwa majaji wamba. Ngakhale pa timilandu ta mu ofesi ya bwana, pamene chilango chingafike potsekera munthu kapena kumudulira malipiro amene ana ake amadalira, pakhale polemba ndi pokadandaula. Ena adzati zimenezi zifewetsa asilikali. Koma msilikali amene walangidwa mokondera samvera kuchokera pansi pa mtima. Amasunga chakukhosi, ndipo kawirikawiri amakachitsanulira kwa munthu wofooka kuposa iye, monga wakabaza wa pa rodibuloko. Nkhanza za m'kati mwa baraki ndi nkhanza za kunja kwa geti zimadyetsana.

Zonsezi zili m'manja mwa aphungu, kuphatikizapo amene timawatumiza ku Lilongwe kuchokera m'madera a Dedza ndi Ntcheu. Nyumba ya Malamulo ili ndi komiti yoona za chitetezo, ndipo komitiyo ingayambe ndi chinthu chosafuna ndalama zambiri: kupempha kuti chaka chilichonse gulu lankhondo lizipereka lipoti la poyera lonena kuti makhoti a asilikali adakhala kangati, pa milandu yotani, olangidwa adali a maudindo ati, ndiponso madandaulo angati a anthu wamba adafika ndi angati adaperekedwa kupolisi. Maina safunika. Lipoti lotere lingaonetse ngati zilango zimagwera a pansi okha, ndiponso ngati mawu aja timamva kwa aneneri a gulu lankhondo, akuti nkhaniyi tikuifufuza ndipo wolakwa alandira chilango, amakhala ndi mapeto. Phungu amene amabwera kudzapempha mavoti m'midzi yoyandikana ndi Dzalanyama, Chongoni kapena Mvai afunsidwe pa msonkhano ngati adzanyamule funso limeneli.